Mtchona akabwerera kwawo, amaimbira yani? Zimbale zitatu za The Very Best, kuzimvera pa Zalewa

Sabata ino gawo ndi langa, ndipo mundilole ndipatukeko pang'ono pa mabuku ndi ndakatulo zomwe tidazolowera. Lero ndikamba za nyimbo. Koma musafulumire kudutsa, pakuti funso lomwe ndabwera nalo ndi lomwe lija limatiyambanitsa kawirikawiri muno: munthu akamalemba kapena kuimba m'Chichewa, koma omugula ndi omuyamikira ali kutsidya kwa nyanja, ntchito yakeyo imakhala ya yani?

Ine ndimakhala pa Zalewa. Kwa inu amene simunafikepo, apa ndi pamphambano. Mukachoka ku Blantyre n'kuwoloka mlatho wa Shire, msewu umagawikana: wina umapitirira cha ku Balaka mpaka ku Lilongwe, wina umakhotera ku Mwanza, kuchipata cholowera ku Tete. Mabasi a ku Joni ochokera ku Blantyre amadutsa pano. Timawaona anyamata akupita ndi kachikwama kamodzi, ndipo timadzawaonanso akubwerera, ena ngolo ya basi itadzaza mafiriji ndi njinga zawo, ena ali chimanjamanja. Choncho nkhani ya kuchoka ndi kubwerera si ya m'buku kwa ife. N'chifukwa chake gulu loimba la The Very Best ndimalimva mosiyana ndi mmene alembi a ku London ndi ku New York adalimvera.

Ambiri muno mwina dzinali n'lachilendo, ndiye ndiyambe ndi mbiri mwachidule. Esau Mwamwaya, mnyamata wokulira ku Lilongwe yemwe ankaimba ng'oma m'mabandi, adapita ku London mu 1999. Kumeneko adatsegula kasitolo ka katundu wakale ku Clapton, tinene kuti kaunjika wa mipando ndi njinga. Tsiku lina Mfalansa wina, Etienne Tron, adalowa kudzagula njinga. Etienneyo ndi mnzake wa ku Sweden, Johan Karlberg (yemwe ambiri amamudziwa kuti Johan Hugo), ankakonza nyimbo pansi pa dzina loti Radioclit. Macheza adakula, Esau adafika mu situdiyo, ndipo zidadziwika kuti woimba ng'omayu ali ndi mawu osasimbika. Mu 2008 adatulutsa nyimbo zaulere pa intaneti, momwe Esau ankaimba Chichewa pamwamba pa zoimbira za eni ake: “Paper Planes” ya M.I.A. idasanduka “Tengazako”, ndipo “Heart It Races” ya gulu la ku Australia la Architecture in Helsinki idasanduka “Kamphopo”. Kenako zidabwera zimbale zitatu: Warm Heart of Africa mu 2009, MTMTMK mu 2012, ndi Makes a King mu 2015.

Mfundo yomwe mumaimva kwa ambiri okonda gululi njakuti chimbale choyamba ndiye patali, ndipo zotsatirazo zidangotsika pang'onopang'ono. Ine ndikuvomereza theka la mfundoyi. Theka linalo ndikulikana, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ndisanalembe, ndidachita kayeso kakang'ono. Pali kanyumba kometera tsitsi komwe ndimakonda kukhala masana, ndipo wometayo ali ndi sipika yolira bwino. Ndidamupempha kuti kwa masiku atatu tiziikapo chimbale chimodzi patsiku, kuchokera pa foni yanga. Tsiku loyamba, nyimbo yoyamba itangoyamba, mnyamata wina wa kabaza adafunsa kuti, “Akulu, zimenezi ndi za ku West Africa?” Ndidamuuza kuti atchere khutu bwino. Patapita kamphindi adawomba m'manja: “Aa! Ndi Chichewa eti? Nanga bwanji sitimazimva pa wailesi?” Funso lakelo ndilibwerera kumapeto.

Tiyambe ndi Warm Heart of Africa. Mphamvu ya chimbalechi ili pa malo omwe mawu a Esau adapatsidwa. Azungu awiriwo Chichewa sankachimva, ndiye mawu ake adawatenga ngati chida choimbira, n'kuwalambulira bwalo lonse. Zoimbira zambiri ndi za makina, kiyibodi yowala ngati ya m'zaka za m'ma 1980, ng'oma zosachulukitsa. Mverani “Yalira” yomwe imatsegula chimbale, kapena “Zam'dziko” yomwe imatseka: Esau amadzijambula kambirimbiri, mawu ena pansi, ena pakati, ena pamwamba, mpaka mumamva ngati kwaya yonse ya pa Sabata yaima patsogolo panu. Chonsecho ndi munthu mmodzi. Apa ndi pomwe chimbalechi chimandigwira mtima. Ndimamvamo mtchona ali m'kachipinda kozizira ku London, oti amuvomereze kulibe, ndiye akudzivomera yekha. Aliyense amene ali ndi mbale wake ku Joni, yemwe amaimba foni usiku n'kumafunsa za mvula ndi za maliro a kumudzi, akudziwa kamvekedwe kameneka.

Palinso kusewera kosangalatsa. Nyimbo yomwe ili mutu wa chimbale, momwe muli Ezra Koenig wa gulu la Vampire Weekend, idamangidwa pa kachidutswa ka “Guitar Boy” ya Victor Uwaifo wa ku Nigeria, ndipo ndi yopepuka ngati kamphepo ka madzulo. “Julia” ili ndi kiyibodi yolemera, yokwawa, koma mawu a Esau amauluka pamwamba pake osagwa. “Kamphopo” ndiye simungaimve mapazi ali chete. Pa nyimbo zokoma msanga, zolowa m'mutu tsiku lomwelo, chimbalechi sichinapezebe chochiposa mwa zitatuzi. Apa ndiye theka lomwe ndikuvomereza lija.

Koma taonani dzina lake. “Warm Heart of Africa” ndi mawu okopera alendo, omwe timawaona pa zikwangwani ndi pa timabuku ta a zokopa alendo. Ndipo akunja ambiri adachimvadi choncho: dzuwa, chimwemwe, Mwafrika woseka. Sadathe kuwerenga ngakhale mitu ya nyimbo. Ife tikaona “Yalira”, “Mwazi”, “Zam'dziko”, timadziwiratu kuti si zonse zili za kuseka. Tikaona “Chalo” timadziwa kuti ndi mawu a Chitumbuka otanthauza dziko, tikaona “Angonde” maganizo amathamangira ku Karonga. Chimbalechi chidatchuka pakati pa anthu omwe ankamva kukoma kwa mawu koma osamva chonenedwacho. Esau adali ngati munthu wokamba za kumtima pakati pa anthu omwe akungoyamikira kuti ali ndi mano oyera.

Tsiku lachiwiri tidaika MTMTMK. Apa n'kuti Etienne atachoka, gulu latsala la anthu awiri. Kusintha kumamveka pompopompo: ng'oma zakula, makina achuluka, liwiro lakwera, ndipo alendo adzaza nyumba. Muli K'naan, muli Amadou ndi Mariam a ku Mali, muli Baaba Maal wa ku Senegal, muli Seye. Anyamata a kabaza adachikonda kuposa choyamba, mitu inkagwedera, wometa adakwezako sipika. Sindikuwadzudzula, pakuti chidapangidwira zomwezo, kuti chilire m'malo ovinira.

Vuto langa ndi chimbalechi ndi loti bwalo lija Esau adalambuliridwa poyamba, apa ladzaza mipando. Mawu ake, omwe ndiwo chuma cha gululi, nthawi zambiri akulimbirana malo ndi phokoso la makina komanso ndi makolasi a Chingerezi omwe woimba wina aliyense akadatha kuimba. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, inde, koma alendo akachuluka mwini nyumba amagona pakhonde. Dzina lenilenilo likuulula komwe nkhope idaloza. Zilembozo zikuimira chiganizo cha Chingerezi chonena kuti ku Malawi kuli zambiri kuposa ana omwe Madonna adatenga. Mawu oona, koma akuuzidwa ndani? Pa Zalewa palibe amene akufunika kuuzidwa zimenezo. Ndi yankho kwa mzungu, osati nkhani ya pakati pa ife.

Komabe, m'chimbale chomwechi muli nyimbo imodzi yomwe ndi yathu kotheratu, “Yoshua Alikuti”. Wakunja angaivine, koma sangaimve. Kuti uimve uyenera kukumbuka “Mose wa Lero” ya Joseph Nkasa, yomwe idayerekeza Bingu wa Mutharika ndi Mose. Uyenera kukumbuka mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta, mafuta a m'zigubu m'mbali mwa msewu, kusowa kwa ndalama zakunja, ndi anthu omwe adaphedwa pa zionetsero za pa 20 July 2011. Uyeneranso kudziwa Baibulo lako, kuti Mose sadalowe m'dziko lolonjezedwa, adalowetsa anthu ndi Yoswa. Mutu wa nyimbowo ndi funso la ndale lobisika m'chovala cha Sande sukulu, monga momwe oimba ndi alakatuli athu akhala akuchitira kuyambira nthawi ya Kamuzu. Bingu adamwalira mu April 2012, chimbale chidatuluka patangopita miyezi yochepa. Chodabwitsa n'choti kanema wa nyimboyi adakajambulira ku Nairobi. Nyimbo yolankhula ndi Amalawi, zithunzi zake za ku Kenya: MTMTMK yonse ili m'kusokonekera kumeneku, mwendo wina kuno, wina uko.

Tsiku lachitatu tidafika pa Makes a King. Pokonza chimbalechi, Esau ndi Johan adachoka m'tauni n'kukakhala m'mudzi wa M'dala Chikowa m'mbali mwa nyanja ya Malawi, n'kujambula komweko pamodzi ndi oimba akumaloko. Zotsatira zake zimamveka m'khutu. Makina sadathe, koma abwerera m'mbuyo. Kutsogolo kwabwera magitala, ng'oma zoimbidwa ndi manja a munthu, ndi mawu a anthu ambiri. Kwaya ija Esau ankaipanga yekha ku London, tsopano ndi anthu enieni, opuma mosiyana, ena olowa mochedwerako pang'ono. Kwa ine kusiyana kwakukulu pakati pa chimbale choyamba ndi chachitatu ndi kumeneku. Poyamba ankaitana n'kudzivomera. Tsopano akaitana, alipo omuvomera.

M'kanyumba kometera muja mudakhala bata lomwe silidalipo masiku awiri oyamba. Itafika “Bilimankhwe”, yomwe yatsamira pa mawu a anthu basi, mayi wina wogulitsa malambe yemwe adabisala dzuwa pakhonde adasuzumira n'kufunsa: “Achimwene, kodi imeneyi ndi kwaya ya mpingo uti?” Palibe adafunsa ngati ndi za ku West Africa. Dzina lokhalo la bilimankhwe limatifikitsa ku nyimbo yamakolo ija ya kanyama kotupa maso chifukwa cha maliro osatha kwawo, ndipo ife a zolembalemba limatikumbutsanso buku la Jack Mapanje la mu 1981, Of Chameleons and Gods, momwe bilimankhwe ndi mlakatuli wosintha mtundu kuti anene zoona osagwidwa.

Werengani mitu ina: “Nkhondo”, “Mwana Wanga”, “Umasiye”, “Sweka”. Awa si mawu a pa chikwangwani chokopera alendo. Ndipo kumbukirani nyengo yomwe chimbalechi chidabadwira. Mu September 2013 kudaphulika nkhani ya Cashgate. Mu May 2014 tidavota, zotsatira zikuchedwa, mitima ili m'mwamba. Pa 6 July chaka chomwecho dziko lidakwanitsa zaka 50 lili pa ufulu wodzilamulira, anthu akufunsana kuti tapindulanji. “Hear Me”, momwe Chris Baio wa Vampire Weekend akuimba besi, idatuluka m'nyengo imeneyo, ndipo ndi kulira kwa munthu woona dziko lake likukalamba lisanakule. Ndi nyimbo yodekha, yolemera, yosathamangira kukusangalatsa. Esau wa mu 2009 sakadaiimba, osati chifukwa chosowa luso, koma chifukwa mtchona amakumbukira kwawo kokoma. Zowawa za tsiku ndi tsiku amazidziwa ndi amene akugona momwemo.

Pali chinthu china chomwe sindingachisiye, ngakhale oimbawo sadachikonze. Makes a King idatuluka mu April 2015. Mwezi womwewo ku South Africa, makamaka ku Durban, kudabuka ziwawa zothamangitsa anthu obwera, ndipo boma lidatumiza mabasi kukatenga Amalawi. Njira ya mabasi ochokera kumeneko kupita ku Blantyre ndi yomwe ino ya Mwanza ndi Zalewa. Choncho ine ndikamamva chimbale cha munthu wobwerera kwawo, sindingachilekanitse ndi nkhope za pa mawindo a basi. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, timatero. Koma mwambiwu sunena kuti ukafika kwanuko upeza zotani. Makes a King ikuyesa kunena zimenezo: wafika, anthu akulandira, ndipo mavuto omwe udawathawa akudikira pakhomo.

Ndisakhale ngati wotsatsa malonda, chimbalechi chili ndi zilema zake. Choyamba, Chingerezi chija sichidathe. “Let Go” ili ndi gitala ndi kolasi zomwe mumachita kuonera kuti adazisokera mabwalo akuluakulu a zoimbaimba a ku Ulaya, komwe anthu zikwizikwi amakweza manja. Si nyimbo yoipa, koma ikadatha kuimbidwa ndi gulu lililonse la ku England. Sizodabwitsa kuti chaka chotsatira, mu 2016, The Very Best idapezeka pa kachimbale ka Johannesburg pamodzi ndi Mumford & Sons, Baaba Maal ndi Beatenberg. Chachiwiri, mulibe nyimbo yogwira msanga ngati “Kamphopo”. Chimafuna kuchimvera kawiri katatu, ndipo pakati pake pali malo pomwe chimayenda mokoka miyendo. Chachitatu, ndipo ichi n'chomwe chimandivuta kwambiri, “mudzi wa m'mbali mwa nyanja” nawonso ndi katundu wogulitsika kunja. Nkhani yoti adakajambulira kumudzi idakometsa chimbalechi m'manyuzipepala a ku Ulaya monga momwe nkhani ya njinga ya ku Clapton idakometsera choyamba. Kupita kumudzi pakokha sikusandutsa nyimbo kukhala ya anthu akumudziko.

Ngakhale zili choncho, chigamulo changa ndi ichi. Warm Heart of Africa ndi chokoma kuposa zinzake, ndipo ndi chomwe ndingapatse munthu woyamba kumene. MTMTMK ndi chofooka mwa zitatuzi, chopulumutsidwa ndi “Yoshua Alikuti” ndi zina ziwiri zitatu. Koma Makes a King ndi chomwe chili ndi msana. Amene amati gululi lidatsika akuyeza ndi muyeso wa chisangalalo, pakuti chisangalalo n'chomwe adakondera poyamba. Akamati chimbale chachitatu chilibe kuwala kwa choyamba, akunena zoona, koma akuiwala kufunsa kuti kuwalako kudali kwa yani. Munthu amene wasiya kusekerera alendo n'kuyamba kukamba ndi abale ake za ngongole ndi za ana amasiye sadatsike. Wangotembenuka.

Tsopano funso la mnyamata wa kabaza lija: nanga bwanji sitimazimva? Ndidayendera anyamata obena nyimbo pano, omwe amakuikira nyimbo mazanamazana pa memori khadi. Ma Blacks aliponso, malemu Lucius Banda alipo, Nkasa alipo, za ku Zambia ndi za ku Nigeria zosawerengeka. The Very Best palibe ndi mmodzi yemwe adali nayo. Chifukwa chake si chinsinsi. Zimbalezi zidatuluka kudzera ku makampani akunja monga Moshi Moshi ya ku London, n'kumagulitsidwa m'njira zofuna khadi la ku banki ndi intaneti yosadukiza. Kuno nyimbo imayenda ndi wailesi, minibasi, memori khadi, ndiponso koposa zonse ndi mapazi a oimba eni ake. Black Missionaries ya ku Chileka, kuno kufupi, idazika mizu chifukwa sabata ndi sabata imakwera galimoto kukaimba m'matauni ang'onoang'ono. Kuchokera pa Kuimba 1 ndi Kuimba 2 za Evison Matafale, yemwe adamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, gululi lapitiriza kuwerenga zimbale zake ndi dzina lomwelo, kungosintha nambala. Ena amalinena kuti nyimbo zake zimafanana. Koma kufananako ndi pangano ndi anthu ake: mukudziwa chomwe mudzapeze, ndipo tidzabwera kwanu kudzakuimbirani.

The Very Best ilibe pangano lotere ndi ife. N'chifukwa chake idali ndi ufulu wosintha chimbale chilichonse, ufulu womwe Ma Blacks alibe, ndipo n'chifukwa chakenso chimbale chake cholankhula nafe kwambiri chidatidutsa ngati thiraki ya usiku yopita ku Mwanza. Mlandu suli mbali imodzi. Iwo sadaponde mokwanira fumbi la m'misika yathu, ifenso makutu athu ndi aulesi pa chilichonse chosafanana ndi chomwe tidazolowera. Timadandaula kuti Chichewa sichipita patali, chonsecho chidaimbidwa m'mabwalo a ku Ulaya ndi ku America ife osadziwa n'komwe.

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza ife olemba. Ambiri muno timalota zotumiza nkhani zathu ku mipikisano yakunja, ndipo palibe cholakwika. Koma zimbale zitatuzi zikuonetsa zomwe zimachitika ndi liwu la munthu malinga ndi amene akumumvera. Ukamaimbira osamva chinenero chako, amakukonda chifukwa cha kamvekedwe, ndipo umamasuka koma uli wekha. Ukayamba kuwathamangira kuti akukonde kwambiri, umadzaza nyumba ndi alendo mpaka liwu lako kusowa. Ukatembenukira kwanu, ntchito imalemera, koma usaganize kuti akwanuwo aimva okha. Uyenera kuinyamula pamutu n'kukaitula pomwe iwo ali.

Amene bandulo yanu ndi yochepa, musavutike ndi zimbale zonse. Tsitsani nyimbo zitatu izi n'kuzimvera motsatana: “Yalira”, “Yoshua Alikuti”, kenako “Hear Me”. Mukatero mudzandiuze ngati mukumva munthu akutsika kapena akubwerera. Ndikudziwa kuti muno muli ena omwe Warm Heart of Africa simulola kuti munthu aikhudze, ndiye bwerani nazo, ndakonzeka. Ndipo inu a kumpoto, tithandizeni pa “Chalo”, “Nsokoto” ndi “Angonde”, pakuti makutu anu amva zomwe ife a kuno kummwera zikutidutsa.

Wometa uja, mwa njira, adandipempha kuti ndimusiyire chimbale chimodzi pa foni yake. Ndinkayembekeza kuti asankha chachiwiri, chovinika chija. Adasankha chachitatu. Nditamufunsa chifukwa, adangoti, “Chimenechi ndi chomvera m'mawa, makasitomala asanabwere.”